Kabwato ka Dingani

Jackie anali akupinda jekete la bambo ake pomwe Weston, mchimwene wake wamkulu, anaima pakhomo la chipinda akudzipukuta thukuta ndi chipewa. Anali atangochokera kobweza mabenchi a tchalitchi amene anthu ankakhalira pa maliro.

"Matikiti a basi aja," anatero Weston, "uwaimbire eni ake akubwezere ndalama. Ulendo wapita ndi mwini wake."

Jackie anasalaza kolala ya jeketelo n'kuliika pamwamba pa zovala zina zoti zikagawidwe kwa abale. Matikitiwo anagula ndi iyeyo, ku Cape Town komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ankafuna makolo ake akaoneko kamodzi kumene iye amakhala. Koma ulendo utayandikira, a Wallace Manda, mmisiri wosema mabwato amene anthu ankamudziwa kuyambira ku Kande mpaka ku Bandawe, anagwa m'munda wa chinangwa, ndipo anatsirizika galimoto isanafike kuchipatala.

"Ndiimba mawa, achimwene," anatero Jackie.

"Bwanji lero? Tili ndi chiliza choti timange."

"Ine sindinafe."

Mawuwo anachokera pabalaza. Mayi awo, a Hannah, anali pamphasa atatsamira khoma, atavala chitenje chakuda. Chichokereni amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, amene ankagona nawo, anali asanayankhule zambiri. Ana awiriwo anatuluka n'kukhala pansi pafupi nawo.

"Tikiti imodzi ubweze," anatero mayiwo. "Inayo ndikwera ine. Ndipo khadi lija ankanena bambo ako, ugule."

Weston anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodabwa. "Ama, dothi la pamanda silinaume. Anthu adzati chiyani akamva kuti mkazi wamasiye wapita kokaona malo?"

"Adzanena zimene adzanene. Pakamwa ndi pawo."

"Nanga chinangwa chili m'madzi chija? Nanga abale a Ada, bambo athu, amene akubwera kudzakambirana za munda?"

"Chinangwa avuula mkazi wako. Munda suthawa."

Jackie anayang'ana pansi. Nkhani ya khadiyo inali yomwe anacheza komaliza ndi bambo ake pa foni. Mlendo wina wa ku loji ya ku Makuzi anali atawauza bambowo kuti ku Cape Town kuli khadi lomwe munthu amagula kamodzi, n'kumalowa nalo m'nyumba zonse zosungiramo zinthu zakale popanda kulipiranso pakhomo. Chiyambire pomwepo, foni iliyonse inkathera pa khadi. Jackie ankangoti, "Tikaona mukafika, Ada."

"Ama," anatero mofatsa, "ndikuuzeni zoona. Khadi limenelo ndi la anthu othamanga ndi makamera. Limagwira masiku owerengeka, ndipo kuti lipindule muyenera kulowa nyumba zingapo tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka atatseka. Nyumbazo n'zotalikirana, zina zili ndi masitepe. Inuyo ndi bondo lanulo mungalowe imodzi, mwina ziwiri. Tchuthi changa chathera pa maliro, ndiye kumeneko sitikakhala ndi nthawi. Kuli bwino tisankhe nyumba imodzi yabwino, tilipire pakhomo, muone mosathamanga."

"Wamva?" anatero Weston. "Wakukhala komweko ndi amene akunena."

"Imodzi iti?" anafunsa a Hannah.

"Ndikafunsa anzanga kuti yokongola ndi iti."

"Bambo ako sankafuna yokongola."

Mayiwo anatambasula mwendo wodwalawo n'kuyamba kusisita bondo. Kunja nkhuku inali ikupalasa phulusa pomwe panali moto wa pa maliro. Weston atayamba kudzuka, m'pomwe mayiwo anayankhula.

"Dingani mukumudziwa."

Onse awiri anagwedeza mutu. Dingani anali mwana woyamba, amene anamwalira ndi chikuku iwo asanabadwe. Kwa iwo linali dzina chabe lolembedwa pa kachiliza kakang'ono, komwe bambo awo ankakalambula yekha mvula ikatha.

"Mwana uja sankachoka pamiyendo ya bambo ake," anatero a Hannah. "Akamasema, iye ali pomwepo kutola tizipalapala. Akamalowa m'madzi, iye kulira pamchenga mpaka mawu kutha. Ndiye bambo ako anamusemera kake. Kabwato kenikeni, kotalika ngati mphasa iyi, ndi kankhafi kake. Anakwera nyengo imodzi yokha, m'madzi ofika m'mawondo, bambo ake atagwira kumbuyo. Titamuika m'manda, kabwatoko kanatsala pansi pa mango paja. Bambo ako anasiya kudutsa kumeneko, ankazungulira kuseri kwa nyumba. Tsiku lina kunabwera mzungu wina ndi galimoto, ankatolera madengu, mitondo, nkhafi. Anati akupita nazo ku Cape Town, kunyumba yosungiramo zinthu kuti anthu aziona. Ataona kabwatoko anafunsa mtengo. Bambo ako anangokanyamula n'kukamangirira yekha padenga la galimoto. Ndalama anakana."

Weston anali atakhalanso pansi, chipewa chili m'manja.

"Galimoto itangokhota pamsewu, anathamangira kuti aiimitse, koma inali itapita. Dzina la mzunguyo sanafunse, dzina la nyumbayo sanafunse. Zaka zonsezi sanatchulepo. Iwe utapeza ntchito kumeneko m'pomwe anayamba kufunsa alendo. Atamva za khadilo anabwera akumwetulira ngati mwana. Anati, Hannah, sindikudziwa khomo lake, koma khadi ili limatsegula makomo onse."

Jackie anakumbukira mmene bambo ake ankatchulira mawu oti khadi pa foni, mosamala, ngati akuopa kuti ali kupempha chinthu chachikulu.

"Bwanji sanandiuze?"

"Ankati mungamuseke, nkhalamba kuwoloka maiko chifukwa cha chikuni."

Jackie anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sanafune kunamiza mayi ake pa sabata ngati imeneyi.

"Ama, mwina kulibe. Mwina munthuyo anakaika m'nyumba mwake. Ngakhale katakhalako, zinthu zambiri amazitsekera m'zipinda zomwe alendo salowa. Tikhoza kuyenda mpaka bondo kutupa, osaona kanthu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye n'kutayiranji ndalama?" anafunsa Weston, koma mawu ake anali atatsika.

"Ndikalowa nyumba imodzi n'kusapeza, ndidzafa ndikuganiza kuti kanali m'nyumba yotsatira. Ndikalowa zonse n'kusapeza, ndidzabwera kudzamuuza pamanda kuti ndayang'ana. Chiliza chidikire, Weston. Bambo ako sanali munthu wofulumira."

Weston anaimirira n'kutuluka. Jackie anamuona pa zenera akutsikira kunyanja, mutu uli pansi. Patapita kanthawi, a Hannah anapempha ndodo yawo.

"Ndiperekeze," anatero.

Dzuwa linali pamutu ndipo mchenga unkaotcha. Pamathandala panali usipa woyanikidwa, ndipo a Aziz, ogula nsomba ochokera ku Mangochi, anasiya kukambirana mtengo n'kuvula chipewa pomwe mayiwo ankadutsa. Anakamupeza Weston atakhala pamphepete mwa bwato lake, lomwe bambo ake anamusemera atakwatira.

"Ndikuperekezani mpaka ku Lilongwe," anatero asanafunsidwe, maso ali kumadzi. "Abale a Ada ndiyankhula nawo ndine."

"Yewu, mwana wanga," anathokoza a Hannah.

Jackie anafunsa funso limene linkamuvuta njira yonse. "Ama, tiyerekeze takapeza timabwato tiwiri kapena titatu tofanana. Papita zaka zambiri. Mukakazindikira bwanji?"

A Hannah anapereka ndodo kwa Weston n'kugwada movutikira pambali pa bwatolo. Anagwira dzanja la Jackie n'kulilowetsa mkati, pansi pa mlomo wa bwato, kumene diso silifika. Anayendetsa zala za mwana wawoyo pamtengo wosalala mpaka zinagwera m'kabowo kosemedwa bwino.

"Apo timamangapo chingwe," anatero Weston.

"Iwe umamangapo chingwe. Mwana uja ankaopa mafunde, ndiye bambo ake anamuyeza dzanja n'kumusemera pogwira. Kuyambira pamenepo sanasemenso bwato lopanda malo amenewa. Pita ukapapase onse ali pagombe pano, mpaka ku Kande."

Jackie anayesa kulowetsa dzanja lonse, koma munangokwana zala zitatu. Weston anagwada mbali inayo, nayenso n'kupisa dzanja m'bwato limene wakhala akupalasa zaka zonsezi. Sanalichotse msanga.

"Kumeneko salola kugwira zinthu, Ama," anatero Jackie.

"Ndikawapempha," anatero a Hannah. Anatsamira phewa la Weston n'kuimirira pang'onopang'ono. "Ugule makhadi awiri. Sindikalowa ndekha."