Fungo la Sitima za ku Chicago

"Ku Washington simungadye ngakhale mtedza m'sitima," anatero a Lameck, akutembenuza ntchafu za nkhuku pamakala. "Mukangotsegula kapaketi, apolisi ali pano. N'chifukwa chake pansi pamachita kuwala."

"Kuwala kokhako?" anayankha a Mervin. "Nanga ikaima pakati pa njira osanena chifukwa? Inu pitani ku Tokyo. Kumeneko sitima ikachedwa pang'ono, woyendetsa amapepesa anthu onse."

Chiyamiko anali ataima pakhomo la galaja, beseni la kabichi lili m'manja, kudikira kuti wina amuone asunthe mpando. Palibe anamuona. Phwandolo linali lake, poti anali atangomaliza sekondale, ndipo mabaluni anali akulendewerabe pa mpanda wa nyumba yawo ku Beech Grove, mu mzinda wa Indianapolis. Koma chifikireni malume ake a Kingsley kuchokera ku South Bend, iwo ndi anzawo awiriwo sanalankhule china koma sitima zoyenda pansi pa nthaka.

Nkhani yake inali iyi. Koleji ina ya ku Chicago inamupatsa malo mochedwa, ndipo inkafuna yankho pofika Lolemba. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho amayi ake anati nkhani yotere sangaigamule okha, abwere mwini mbumba. Mwini mbumbayo anabwera, anadya, anamasula lamba, n'kuyamba kuweruza sitima za dziko lonse.

"Ine ya ku New York ndinaikwera," anatero a Kingsley, akuloza ndi fupa. "Makoswe ake ngati amphaka. Amakuyang'ana m'maso, amvekere iwe ndiwe mlendo, ife ndife eni ake. Koma chimodzi ndiwapatse, imayenda usiku wonse. Tsono ya ku Chicago, amwene! Theka ili pansi, theka ili m'mwamba pa zitsulo. Nthawi yozizira umaima kumtunda kuja mphepo ikukuseta makutu. Ukalowa mkati, fungo."

"Fungo lanji?" anafunsa a Mervin, ngati sanamvepo nkhaniyi.

"La munthu amene wapanga m'sitima kukhala kuchipinda kwake. Wina anandigonera paphewa kuchokera ku eyapoti mpaka m'tauni. Jekete ija ndinaitaya."

Anaseka onse, mimba zikugwedera. Chiyamiko anaika beseni pamwamba pa filiji yakale n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. A Lameck anachoka ku Washington iye asanabadwe. A Mervin Tokyo yawo inali ya pafoni, yomwe ankaionera pa nthawi yopuma kuchipatala. Malume ake sitima ya ku Chicago anaikwera tsiku limodzi lokha, lomwe anatera muno mu America, ndipo jekete yotayidwayo inaoneka pa ukwati wina chaka chatha. Onse atatu makiyi a galimoto anali kulendewera m'chiuno. Mu Indianapolis mulibe sitima ya pansi pa nthaka, ndipo pa atatuwo panalibe amene ankadziwa pamene basi ya mumsewu wawo imaima.

Chiyamiko sitima ya ku Chicagoyo anali ataikwera mwezi wapitawo, atapita ndi anzake kukaona kolejiyo. Inkanunkhadi. Pampando wina panali chinthu chomata chimene sanafune kuchidziwa. Koma anakhala pawindo, manja ali pamiyendo, osagwira chiwongolero, osayang'ana pagalasi, ndipo anachita manyazi poona mmene zinamukomera. Sanauzepo munthu.

"Chiya, bwera kuno," anaitana a Kingsley. "Wamva wekha. Anthu oyenda akuuza. Mwana wamkazi, wofatsa ngati iwe, m'sitima imeneyo? Makoleji ali konkuno. Uzigona kwanu, uzidya kwanu."

"Ophunzira ena amakwera, malume," anatero Chiyamiko, mawu ali pansi.

"Ena! Ena makolo awo anawataya."

"Akanakhala kuti akupita ku Washington, bwenzi ndikumuikira kumbuyo," anatero a Lameck.

"Kapena Tokyo," anawonjezera a Mervin.

"Eya, Tokyo tikanalola," anavomera a Kingsley mokoma mtima, podziwa kuti ku Tokyo kulibe amene wamuitana.

Nthawi yomweyo amayi ake anatuluka m'nyumba atavala yunifolomu yawo ya buluu, chikwama chili paphewa. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba kumadzulo kwa mzinda, kupitirira dera la Speedway, ndipo Loweruka limenelo anali pa shifiti yausiku. Sankayendetsa galimoto. Anayesapo kale, koma atangolowa mumsewu waukulu n'kuona malole akudutsa uku ndi uku, anati basi. Zaka zoyamba ankapempha azimayi a kutchalitchi. Chiyamiko atapeza laisensi, kupemphako kunatha. Kuwasiya, kukawatenga m'mawa asanapite kusukulu, kumsika wa ku Lafayette Road, kumapemphero a amayi, zonse anali iye.

"Chiya, nthawi," anatero amayiwo.

Chiyamiko anatulutsa makiyi m'thumba la diresi lake latsopano. Palibe mwamuna anadzuka. A Mervin anatenga ntchafu ina.

"Waonatu," anatero a Kingsley, akupukuta mafuta pakamwa. "Tisiye za fungo. Ukapita ku Chicago kwakoko, achemwali awa aziwanyamula ndani?"

Chiyamiko anawayang'anitsitsa malume ake. Ndiye makoswe onse aja, jekete, Tokyo, zinali zokutira chimenechi? Anayang'ana amayi ake. Amayiwo anali kuyang'ana nsapato zawo. Zimenezi zinamupweteka kuposa mawu a malume, chifukwa anaona kuti nkhaniyi anali ataikambirana kale pafoni iye kulibe.

Anatembenuka kuti azipita, monga mwa masiku onse. Atafika panja anaima. Kagalimoto kawo kanali kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi khoma. Kumbuyo kwake kunali ya a Lameck, kenako ya a Mervin. Kumapeto, chitatseka njira yonse mpaka matayala kuponda kapinga wa aneba, kunali chigalimoto chakuda cha malume ake, chotsukidwa bwino, chokhala ndi mipando yokwana banja lonse la mpingo.

Anabwerera m'galaja. Mawu ake anatuluka aang'ono kuposa mmene ankafunira.

"Malume, galimoto yanu ndi imene ili kunja. Aperekezeni achemwali anu."

"Ukuti chiyani?"

"Ndinu mwini mbumba. Mbumba yake ndi imeneyo, ikuchedwa kuntchito."

A Lameck anatsokomola. A Mervin anayang'ana ntchafu yawo ya nkhuku ngati yalembedwa nkhani.

"Iwe, ukulankhula ndi ine? Ine ndayenda ulendo wonse kuchokera ku South Bend, sindinapume n'komwe. Komanso njira yake sindikuidziwa."

"Ya ku New York munaidziwa," anatero Chiyamiko. Atangotero anafuna kulowa pansi, koma mawu anali atatuluka kale. "Sitima ija imanunkha, malume, ndinaikwera ndekha. Koma amayi akanakhala kumeneko bwenzi akupita kuntchito osapempha munthu. Kuno kulibe fungo, kulinso anthu odziwa sitima zonse za padziko, koma wodzuka kukawatenga m'mawa ndi ine ndekha."

"Achemwali, mukumumva mwana wanuyu?" anakuwa a Kingsley.

Amayi a Chiyamiko anakweza mutu. Anayang'ana mlongo wawo kwa kanthawi, mmene amayang'anira mbale imene wina wanena kuti waitsuka. Kenako anakonza chikwama paphewa, anadutsa pakati pa mipando, anadutsa kagalimoto kawo, ya a Lameck, ya a Mervin, n'kukaima pa chitseko chakutsogolo cha chigalimoto chakuda chija.

"Kingsley," anaitana, osati mokweza. "Tsegula. Ndikuchedwa."

Chiyamiko anali asanawamvepo akutchula malume ake dzina lokhalokha pamaso pa anthu. A Kingsley anayang'ana anzawo, koma anzawo anali otanganidwa ndi makala. Anaimirira, anamanga lamba, n'kuyenda akung'ung'udza za ana a ku America. Galimoto inalira kawiri, zitseko n'kutseguka.

Chiyamiko anawatsatira mpaka pa kapinga, osadziwa ngati akapepese kapena angoima. Amayi ake anakhala pampando, anamanga lamba wawo mosafulumira, n'kutsitsa galasi.

"Mawa usadzuke," anatero. "Adzanditenga mlongo wanga. Ndimaweruka dzuwa lisanatuluke."

"Ine mawa ndimafuna ndilawirire ku South Bend," anatero a Kingsley.

"Ulawirira ukandisiya pakhomo." Anatembenukiranso kwa mwana wawo. Maso awo anali ofiira, koma mawu sananjenjemere. "Iwe kawayankhe anthu a sukulu aja. Uwauze kuti ukubwera."

"Nanga inuyo, amayi? Ndikapita?"

"Zimenezo tikambirana ndi malume ako m'galimoto muno. Njira ndi yaitali."

Galasi linakwera. Chigalimoto chinabwerera chambuyo mwaukali n'kukhotera kumanzere, kumene sikunali koyenera, ndipo Chiyamiko anaona dzanja la amayi ake likuloza mbali inayo. Anaima mpaka chinatembenuka pakona n'kudutsanso pakhomopo, malume ake atayang'ana kutsogolo ngati sakumuona.

M'galaja a Mervin anali atayamba kufotokoza, motsitsa mawu, kuti ku Chicago kuli sitima zina zabwinoko. Chiyamiko sanaime kuti amve. Analowa m'nyumba, anapachika makiyi pa msomali wa kuseri kwa chitseko, n'kupita kuchipinda kukatsegula kompyuta.