Pakona Pouma pa Mbendera Yathu

kkkkk anzanga mpaka pano ndikutsukabe mkamwa, imvani zimene zandichitikira Lamulungu. Agogo anga a Ondrej ali m'bungwe lija la Asilovaki kwathu kuno ku Pennsylvania, lija anayambitsa anthu okumba malasha kalekale kuti wina akafera mumgodi mkazi wake asavutike ndi maliro. Ndiye anthu atha kumwalira, kwatsala madala asanu ndi mmodzi basi. Lamulo lake mukachepera asanu ndi awiri nthambi imatsekedwa, mbendera nkuitengera kulikulu. Agogo kudya anasiya, akuti ndiye ine mudzandiike opanda mbendera ngati galu?

Ndinangoti chabwino agogo ndilowa ine.

Koma sanandiuze kuti wolowa amapsompsona mbendera!!! Nsaluyo chiisokereni sinalawepo sopo, ati ili ndi fumbi la malasha la oyambitsa aja. Atangoitambasula muholo ya bungwelo fungo lake mayo ine, fodya, kabichi, nkhungu, zonse pamodzi.

A Hudak, omwe ndi apampando, anandilozera pakona pena pachikasu. "Apa Zuzka. Agogo ako anapsompsona pomwepa, bambo awonso pomwepa."

"Nanga pauma gwa chonchi bwanji bambo Hudak?"

"Ndi mbiri imeneyo mwanawe."

A Mihalik anzawo ali pambali, "Mbiri yake iti, si msuzi uja unatayira iwe paukwati wa mlongo wako?"

"Khala chete nkhalamba iwe, mano ako ali mthumba!"

Ine ndinayang'ana chitseko ndithu kuti ndingothawa. Koma kuona agogo atavala suti yawo yakutchalitchi, eee. Ndinatsinzina, ndinasiya kupuma, nkupsompsona. Mchere wokhawokha anzanga!!

Madala onse mmanja phwaphwaphwa, nthambi yapulumuka. Agogo anayamba kulira, misozi chuchuchu, "mdzukulu wanga, tsopano ndifa bwino." Ndiye akulira choncho anagwira kona ija, IJA IJA, nkuminirapo fweee. Kenako anapatsira a Hudak, nawonso fweee. A Mihalik akudikira pamzere.

"Agogo!!! Mukutani??"

"Timatero wina akalowa, umafuna tipukutire suti?"

kkkkk ndinasanzira mumphika wa maluwa pakhomo. Koma mbendera sikupita kulikulu, ndipo akuti tsiku la maliro a agogo woinyamula ndine. Ndagula kale magolovesi.