Alamu Anga ndi Batani la Tabu

Ine ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga, tinkagwira ntchito m'chipinda chimodzi, matebulo athu ali ogundana. Kampani yathu inali yaing'ono: anthu asanu ndi mmodzi, ketulo imodzi, ndi zenera loyang'ana kuseri kwa sitolo ya matayala. Tinkalemba pulogalamu ya pakompyuta imene zipatala zing'onozing'ono zimagwiritsa ntchito posunga mayina a odwala ndi kuwatumizira mauthenga a pafoni owakumbutsa tsiku lobwera.

Ntchitoyo anandipezera ndi alamu omwewo. Sanandikumbutsepo, ndipo ine sindinaiwalepo.

Polemba khodi, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsatira, mizere ina imayambira m'kati pang'ono kuti woiwerenga aone kuti uwu uli pansi pa uwo. Kompyuta yathu inalibe nazo ntchito zimenezo, zinali za maso a anthu basi. Njira zolowetsera mzere m'kati zilipo ziwiri. Ukhoza kudina kanayi batani lalitali la m'munsi lija, n'kusiya mipata inayi. Kapena ukhoza kudina kamodzi batani la kumanzere lotchedwa tabu. Ine ndinali wa mipata. Alamu anali a tabu. Tinakangana zaka zisanu ndi chimodzi.

Sitinkakweza mawu. Alamu ankati munthu wodina batani kanayi pamene kamodzi kakwana ndi yemwe uja amakhoma chitseko n'kubwerera katatu kukachigwedeza. Ine ndinkati tabu ili ngati nkhani ya munthu wabodza: pa kompyuta iyi ioneka yaifupi, pa iyo yaitali. Ndikatsegula fayilo imene iwo alemba, ndinkayamba ndasintha matabu onse kukhala mipata, kenako n'kugwira chimene ndabwerera. Mawa lake iwo ankabweza. Choncho munthu akakonza mzere umodzi, kompyuta inkaonetsa kuti wasintha mizere mazanamazana, ndipo mnzathu amene ankayenera kuwerenga zosinthazo asanazivomere ankangotsetsereka mpaka pansi n'kudina kuti zili bwino.

Tsiku lina m'kati mwa mizere yoteroyo munabisala cholakwika chenicheni. Pulogalamu yathu inatumiza uthenga kwa abambo 312 wowakumbutsa kuti tsiku lawo la sikelo ya amayi oyembekezera ndi Lachisanu, asaiwale kabuku. Ambiri anangoseka. Khumi ndi anayi anaimba foni. Awiri anapita ndithu, poti uthenga wa chipatala sasewera nawo. Cholakwikacho chinali changa.

Abwana athu anali mayi wosakonda misonkhano, koma tsiku limenelo anaitanitsa umodzi, tonse chiimire.

"Mawa ndikuika pulogalamu ina," anatero. "Khodi iliyonse izidutsa kaye kwa iyo. Ikapeza kuti mwaphwanya lamulo la kalembedwe, ikukanizani, ndipo kulibe kokadandaula."

"Malamulo ake alemba ndani?" anafunsa alamu.

"Ine."

"Ndiye mwasankha tabu kapena mipata inayi?"

"Mipata iwiri."

M'zaka zonsezo sindinaganizepo kuti tikhoza kuluza tonse.

Mnzathu wina anafuna kuti pulogalamuyo tiitche Apongozi, poti imapeza cholakwa paliponse ndipo sungaiyankhe. Atakumbukira kuti apongozi anga ndi mayi ake a munthu amene wakhala pambali panga, tinagwirizana kuti ikhale Kapitawo.

Kapitawo sankakwiya, sankatopa, ndipo sankadziwa kuti wamkulu ndani. Khodi ikakhala bwino ankaichonga ndi chizindikiro chobiriwira. Ikalakwika ankaika mtanda wofiira n'kulemba m'munsi mwake: mzere 48, mipata itatu m'malo mwa iwiri, mzere 210, wapitirira zilembo 80. Zambiri mwa izi akanatha kukonza yekha, koma abwana anazimitsa mbali imeneyo. Anati akufuna tiphunzire.

Mkangano wathu unatha tsiku lomwelo, ndipo kucheza kunathera pomwepo. Tinazindikira kuti nkhani ina tinalibe. Alamu sakonda mpira, ine sindidziwa kanthu za nyimbo zakale zimene iwo amasunga. M'mawa tinkapatsana moni, kufunsana za ana, kenako m'chipindamo munkangomveka makiyibodi ndi anthu a matayala akumenya zitsulo kuseri.

Ine ndinazolowera mlungu umodzi wokha. Alamu sanazolowere. Mitanda yofiira inkawagwera khumi, makumi awiri pa tsiku. Munthu amene anaphunzitsa theka la ofesiyo kulemba khodi ankamaliza ntchito ya ola limodzi dzuwa litapendeka. Sanadandaule. Ankakonza, kutumiza, kukanidwa, kukonzanso. Ine mumtima ndinkati ndi liuma, ndipo ndinene zoona, masiku oyamba zinkandikomera.

Lachisanu lina masana tonse tinatuluka kukadya, alamu n'kutsala. Nditafika pageti ndinazindikira kuti foni ndaisiya patebulo, ndipo ndinabwerera. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Alamu anali atasendeza nkhope mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza sikirini. M'dzanja anagwira chotsekera cholembera, akuloza nacho kumayambiriro kwa mzere, milomo ikuyenda. Ankawerenga mipata. Iwiri, inayi, isanu ndi umodzi. Akasokonezeka ankayambiranso.

Kumbali ina ya sikiriniyo anali atatsegula fayilo yawo yakale ya matabu. Mizere yake inali italowa m'kati kwambiri, uliwonse motalika ngati chala, ngati masitepe a nyumba yosanja oti ungawaone uli kutali. Tabu munthu amaiuza yekha kukula kwake pa sikirini yake. Mipata iwiri ndi iwiri kwa wina aliyense. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, chifukwa ndi zomwe ndinkaitsutsira tabuyo zaka zonsezo.

Ndinabwerera chambuyo mosagwedeza chitseko. Foni ndinaisiya pomwepo.

Loweruka masana akazi anga ankasita mayunifolomu a ana. Ndinakhala pampando wa pakhomo la khitchini n'kufunsa ngati ndikufunsa za mvula.

"Kodi achimwene anu maso awo ali bwino?"

Anaimika simbi n'kundiyang'ana. "Mukufunsa zoona?"

"Ee."

"Adokotala anawauza kalekale, tisanabereke wachiwiriyu. Lamanzere likutha, lamanja likutsatira. Mumaganiza kuti galimoto anaisiyiranji?"

"Ndinkati akuumira mafuta."

"Mumakhala nawo tebulo ndi tebulo tsiku lonse. Mumakambirana chiyani anthu inu?"

"Za ntchito."

Anatembenuza malaya n'kupitiriza kusita. "Musakawauze kuti ndakuuzani. Anati ku ofesi asadziwe aliyense, makamaka inuyo."

"Makamaka ine chifukwa chiyani?"

"Anati mukadziwa musiya kuwatsutsa."

Ndinakhala pampandopo mpaka mayunifolomu onse anatha. Ndinkaganiza za m'mawa uliwonse umene munthuyo ankafika ku ntchito n'kupeza masitepe ake ndagumula, n'kuwamanganso, kenako n'kundiuza nthabwala ya chitseko. Manyazi amene ndinamva anali a mtundu umene munthu sadziwa kuti awaike pati.

Malamulo a Kapitawo ankakhala m'kafayilo ka mizere makumi atatu. Aliyense ankaloledwa kupempha kuti lamulo lisinthe, bola alembe chifukwa, mnzake mmodzi avomere, kenako abwana. Lolemba m'mawa ndinafufuta mipata iwiri n'kulembapo tabu. Pa malo a chifukwa ndinalemba kuti: Ndaganizanso bwino.

Abwana anatuluka m'kaofesi kawo, anandiyang'ana kanthawi, n'kubwereramo. Patapita mphindi zochepa ndinaona kuti pempho langa alipereka kwa alamu kuti aliwerenge.

Yankho linabwera tiyi asanawire. Chifukwa sichikumveka. Ndakana.

Ndinawapeza paketulo akutsuka kapu.

"Alamu, mwakana tabu?"

"Tabu sindinaikane. Ndakana chifukwa chanucho. Munthu sataya maganizo a zaka zisanu ndi chimodzi Lolemba m'mawa." Anapukuta kapuyo pang'onopang'ono. "Mlongo wanga wakuuzani chiyani?"

"Palibe."

"Chabwino. Ndiye lembani chifukwa chenicheni. Mukalemba chachisoni ndikananso."

Zinanditengera masiku atatu. Ndinalemba kuti tabu imalola aliyense kuona khodi momwe akufunira popanda kusokoneza ya mnzake. Ndinalemba kuti batani limodzi munthu sangaliwerenge molakwika. Ndinalemba kuti Kapitawo akhoza kulondera tabu monga momwe amalondera mipata, ndipo zinthu za abambo a sikelo zija sizingabwererenso. Za maso sindinatchule ngakhale liwu limodzi.

Alamu ankandiyankha ndime ndi ndime, ndipo ankandiyankha ndi mfundo zanga zakale. Anazikumbukira zonse, ndi zina zimene mwiniwakene ndinali nditaiwala, ndipo anaziika bwino kuposa momwe ine ndinaziikirapo. Ndinadzipeza ndikutsutsa mawu anga omwe, ndi mtima wonse, pena mpaka kutentha m'makutu. Anzathu anasiya ntchito n'kumawerenga. Tinkalemberana zonsezi pakompyuta ngakhale kuti zigongono zathu zinkatsala pang'ono kugundana. Abwana analembapo kamodzi kokha: Mukamaliza mundiuze.

Lachinayi chakumasana alamu analemba kuti: Ndavomera. Ndime yachitatu ndi yofooka.

Abwana anadina kuvomera osawerenga. Anati anthu awiri ife tikagwirizana chinthu, iwo safunsa zambiri. Nthawi yomweyo Kapitawo, amene dzulo lake ankachonga khodi yonse ndi chobiriwira, anapeza mizere 41,000 yolakwika. Sanaonetse manyazi alionse. Abwana anamulola kamodzi kokha kuti akonze yekha, ndipo anamaliza mu mphindi zinayi.

Mawa lake alamu anagwira ntchito atatsamira mpando. Mitanda yofiira inawagwera iwiri, yonse ya mizere yaitali, ndipo anati imeneyo Kapitawo akunena zoona.

Mlungu wotsatira, tikugwira ntchito, anandifunsa osatembenuza mutu.

"Lachitatu m'mawa muli ndi chochita, alamu?"

"Ayi."

"Akuti ndikatuluka ku opaleshoni sindingakwere basi ndekha."

"Opaleshoni ya chiyani?"

"Musadzipusitse."

Ndinakawatenga kunyumba kwawo sikisi koloko m'mawa. Anali atavala jekete ndi tayi. Pachipatala ndinadikira maola anayi pa benchi yachitsulo, pakati pa bambo wina amene ankagona ndi mayi wina amene anandifotokozera matenda onse a amuna ake. Adokotala atatuluka anafunsa kuti ndine ndani, ndipo nditati ndine mlamu wawo anandilola kumva. Diso lamanzere silibwereranso. Lamanja alipulumutsa, ndipo likhoza kugwira ntchito zaka zambiri ngati akuthira mankhwala m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Ndinalemba zonsezo kuseri kwa tikiti ya poimika galimoto.

Anawatulutsa diso lamanja atalimata bandeji, pamwamba pake magalasi akuda. Ndinawagwira mkono mpaka pagalimoto, ndipo sanakane. Ndinawamangira lamba. Tinayenda mtunda ndithu, iwo atakhala chowongoka, manja ali pamaondo.

"Mwalowa msewu wolakwika," anatero.

"Simukuona, alamu."

"Ndikumva matayala. Msewu wa kwathu uli ndi maenje. Uno ulibe."

Ndinayang'ana zikwangwani. Ndinali nditadutsa mphambano yawo ndi makilomita awiri. Ndinakatembenukira pamalo omwetsera mafuta, ndipo poti tinali titaima kale, alamu anati ndiwagulire madzi ozizira.