Nyemba Zofiira pa Thabwa la Omari

Hawa ankatchajitsa foni ku baraka, kashopu ka mchimwene wake Omari, m'mbali mwa msewu wopita ku Cuamba, poti kunyumba kwake kunalibe magetsi. Foniyo sinkayenera kuzima. Mwana wake Faizali anali msilikali ku Cabo Delgado, ndipo ankaimba akangopeza mpata.

Omari anali wometa tsitsi, koma chigulireni foni yaikulu anasanduka katswiri wa nkhondo. Ankangokhalira mavidiyo a ndege zopanda woyendetsa, kenako n'kumafotokozera aliyense wokhala pampando wometera, wofuna ndi wosafuna yemwe. Iye ndi mnzake Eliya, mlimi wa fodya wa ku Ngauma amene ankapalasa njinga kudzagula katundu ku Mandimba, anajambula mapu pathabwa ndi choko: mitsinje, milatho, nkhalango. Nyemba zofiira zinali gulu lina, chimanga gulu lina. Ankaponya dayisi wa ludo kuti aone amene wafa.

Poyamba ankamenya nkhondo ya ku Ukraine, ndipo Hawa ankangopukusa mutu. Amuna akuluakulu, ndevu pepeya, kukanganirana mlatho wa dziko limene sadzaliona!

Koma Lachisanu lina masana anapeza mapu asintha. Kumanja kunali nyanja, ndipo anamva Omari akutchula Macomia. Kumeneko n'kumene Faizali anatchula pomaliza, ndipo panali patapita milungu osaimba.

"Vuto ndi mantha a akomandanti," Omari ankauza amuna amene anazungulira thabwalo. "Ndikanakhala ine, kagulu aka ndikanakasiya pamlatho ngati nyambo. Zigawenga zibwere, zikadye, ife n'kuzizungulira kumbuyo."

"Nanga anyamatawo?" anafunsa Eliya.

"Nkhondo ndi masamu, bambo. Utaya ochepa, upha ambiri."

Anaponya dayisi, n'kukankhira nyemba za pamlathozo kumbali ndi chipeso. Imodzi inagwera pansi. Nkhuku imene inkatola tsitsi pakhomo inaijompha n'kuthawa nayo, amuna onse n'kufa nacho chiseko.

"Achimwene," anatero Hawa, "nyemba yadya nkhukuyo dzina lake ndani?"

Chiseko chinazilala. Omari anatembenuka.

"Aa, achemwali, ndi masewera chabe awa."

"Ndafunsa dzina lake! Ili ndi amayi ake? Inayamwa kwa ndani?"

"Izi ndi za estratejiya, simungazimve."

Hawa anagwira thabwalo ndi manja awiri n'kuligudubuza. Nyemba ndi chimanga zinangoti mbwee mpaka pamsewu. Eliya anadzuka mwakachetechete n'kukaima pafupi ndi njinga yake.

"Sindingazimve? Ine ndimadzidzimuka galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi nyumba, kuopa kuti abwera kudzandiuza! Inu ndinu malume ake. Tsiku limene ankakwera chapa, minibasi ija, munali mukumeta munthu, simunatuluke n'komwe kudzamugwira dzanja. Lero mukumuika pamlatho ngati nyambo, anzanu akuseka? Ngati muli akatswiri, nyamukani. Msewu ndi uwu!"

Hawa anazula foni yake pawaya isanadzaze, nachoka. Kuyambira tsikulo ankakatchajitsa kwa mayi wina, Margarita, kuseri kwa msika, ngakhale kunali kutali.

Faizali anaimba sabata yotsatira. Anali wamoyo, mawu atasasa, mapazi atatupa ndi kuyenda. Ulendo uno sanaloledwe kunena kumene anali. Hawa analira, koma mkwiyo sunathe.

Mmawa wina Omari anafika kunyumba kwake, chisoti chili m'manja. Anamupeza akusesa pabwalo.

"Ndinalakwa, achemwali. Inenso sindigona tulo poganizira mwana uja. Ndikamayang'ana mapu ndimakhala ngati ndikumuona."

Hawa anaima, tsache lili m'dzanja. Anatsala pang'ono kumupatsa mpando. Koma Omari, poona kuti mlongo wake wafewa, ananyonyomala n'kutola kamtengo.

"Ndipotu musadandaule. Taonani, mtsinje uli apa. Gulu lawo liyenera kuti lili cha kuno, kumbuyo. Kuno sikufika moto."

Hawa anawerama osafuna, maso ali pamzere wa pafumbiwo. Ankafunitsitsa kuti zikhale zoona.

"Mwadziwa bwanji?"

"Pali mnyamata wina wa ku Lisboa amafotokoza pa vidiyo. Amadziwa kwambiri."

"Anafikako?"

"Kufika ayi, koma..."

Hawa anawongoka. Nkhope inamutentha ndi manyazi poti anatsala pang'ono kukhulupirira.

"Dzukani, achimwene. Mwana wanga akadzabwera mudzamumete, osamufunsa kanthu. Pakali pano tulukani pabwalo panga."

Omari anaponya kamtengoko pansi, navala chisoti, n'kumapita osacheuka.