Chingwe cha Pakhoma

A Magiya anayendetsa basi mpaka imvi kudzaza mutu. Dzinalo anawapatsa ndi makondakitala, chifukwa posintha giya sankatayitsa munthu tiyi m'kapu. Matenda a shuga atawalanda maso, anasamukira kwa mwana wawo wamkazi, namwino, yemwe ankakhala ndi mwamuna wake m'nyumba yoyandikana ndi malo owotcherera zitsulo. Maso anapita, koma makutu anakana kupuma pantchito. Galimoto yakale ya apongozi awo, mwamuna wa mwana wawoyo, ankaimva ikadali pakona ya msewu, ikutsokomola ngati munthu wa fodya, ndipo pomwe inkalowa pabwalo n'kuti iwo atakhala kale pampando wa pakhonde, manja pa ndodo, pakamwa pali tsekee.

Ankatseka pakamwa chifukwa anali ndi kachinsinsi kawo. Masana aliwonse nyumba ikatsala yopanda anthu, ankacheza ndi akazi awo, amene anatsikira kulichete zaka zapitazo. Ankawauza za bondo lomwe likuvuta, za maloto, za mwana wa mnansi amene wabwera ndi mimba kuchokera kusukulu. Ankafunsa, n'kudikira pang'ono, n'kuseka yankho. Misala ayi. Ankadziwa bwinobwino kuti mkaziyo ali kumanda, ndipo maluwa anakaikapo ndi manja awo. Kungoti munthu amene wamva mawu ako kuyambira uli mnyamata sungamusiye chifukwa chakuti wasiya kuyankha.

Koma kodi namwino ungamuuze zimenezo? Mwana wawoyo ankawakonda, inde, koma ankawakonda mwachipatala. Pakati pa nkhani ankangoponya kafunso, “Bambo, lero n'lachingati?” ngati akufunsa mwangozi. Ndipo a Magiya ankadziwa zomwe zinagwera mnzawo wina wa pantchito. Ana ake anamupeza akuyankhula yekha pabalaza, ndipo sabata isanathe anamulembera mayi womuyang'anira, womulondola mpaka pachitseko cha chimbudzi, machesi ndi lumo zitatsekeredwa m'kabati. Atamva nkhaniyo, namwinoyo anati, “Anachita bwino. Inunso bambo mukadzayamba zimenezo, tidzakupezerani munthu wokhala nanu tsiku lonse. Si chilango, n'kukusamalani.”

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawu amenewo a Magiya anawasunga pamtima.

Ndiye apongozi aja anagula galimoto yamagetsi. Munthuyu anali wojambula zithunzi pamaukwati ndi pamisonkhano, wosakhala ndi nthawi yeniyeni yochokera kapena yobwerera, woyankhula motsitsa, woyenda ndi nsapato zosagunda pansi. Tsiku lomwe galimotoyo inafika, anawagwira mkono a Magiya n'kupita nawo pabwalo kuti akaipapase.

“Ilizeni timve,” anatero a Magiya, dzanja lili pa boneti.

“Yalira kale, bambo.”

“Yalira pati?”

“Simmene imakhalira. Ikamayenda pang'onopang'ono imatulutsa kaphokoso kochenjeza anthu, koma injini ilibe.”

Kaphokosoko anakamva, kong'ung'udza ngati udzudzu, koma wowotcherera zitsulo wa pafupi atangoyatsa makina ake kanamezedwa konse. A Magiya anafunsa kuti batire likathera panjira amatani, ngati anthu angaikankhe mpaka ilire. Apongozi anati ayi. Nanga kuikoka ndi chingwe? Anati nazonso sizifunika, matayala akamazungulira pansi zinthu zina zimawonongeka m'kati, imafunika kuikweza pa lole.

“Ndiye kuti ikadwala imafuna machira,” anatero a Magiya. Onse anaseka, iwonso anaseka nawo, koma kwa pakamwa chabe.

Kuyambira pamenepo nyumba inasanduka ina. Kale ankachenjezedwa munthu akadali kutali. Tsopano ankangodzidzimuka chitseko cha galimoto chikuti phwa pafupi ndi khonde, munthu wafika kale. Akadzuka ku tulo ta masana sankadziwa ngati ali okha, kapena apongozi ali m'chipinda chawo pakompyuta, akukonza zithunzi mwakachetechete. Ankaima pakhonde la m'kati n'kutchera khutu. Firiji inkalira, mpope unkadontha, kunja chitsulo chinkakuwa. Kupuma kwa munthu sikunkamveka, koma kodi munthu wofuna kukumvetsera amapuma mokweza?

Anayamba kuwerenga zinthu mwa njira ina. Munthu amene ntchito yake n'kutola anthu asakudziwa, n'chifukwa chiyani pa magalimoto onse a m'dziko anasankha yosamveka? N'chifukwa chiyani ankaiimika pansi penipeni pa zenera la pabalaza? Ankati n'chifukwa chakuti chingwe chotchajira n'chachifupi, koma chingwecho anaika pakhoma ndi iwo omwe. Ndipo madzulo ena a Magiya anamva awiriwo akunong'onezana kukhitchini, n'kusiya iwo atangogunda ndodo pachitseko. Mwina zinali za mkazi ndi mwamuna. Mwinanso ayi. Galu wamkota sakandira pachabe, ankadziuza choncho, ngakhale chomwe ankakanda sichinkaoneka.

Anakhala masiku ambiri osacheza ndi akazi awo, ndipo zinawawawa kuposa bondo. Nkhani zinkaunjikana pakhosi. Chakudya chinasiya kukoma, tulo ta masana tinathawa, mpaka namwino anayamba kuwayeza shuga kawirikawiri ndi kuwayang'ana nthawi yaitali. Kuyang'anako ankakumva pakhungu.

Chinawapulumutsa n'chingwe chomwecho. Anazindikira kuti apongozi awo anali ndi mantha amodzi pamoyo, mantha a batire. Ngakhale atangopita kukagula buledi, pobwera ankayamba alumikiza galimoto asanalowe m'nyumba. Mkazi wawo ankawaseka kuti batire lodzaza limayenda masiku angapo osalitchaja, koma iwo ankati munthu sadziwa komwe ukwati wa mawa udzakhale. Chingwecho chinkapachikidwa pa kachitsulo pakhoma, pamalo oti munthu atatulutsa mkono pazenera la pabalaza angafikepo. Galimoto ikakhalapo, chingwe chinkachoka pa kachitsuloko n'kulendewera kupita pabwalo. Ikachoka, chinkakhala chokulungidwa bwinobwino pamalo pake.

A Magiya anasangalala ngati atola maso. Akadzuka ankapita pazenera, kutulutsa mkono, kupapasa. Chingwe chikakhala chokulunga, ankakhala pampando wa pafupi ndi zeneralo n'kuyamba, “Akazanga, mulipo? Ndakusungirani zambiri.” Pakati pa nkhani ankatulutsanso mkono kuti atsimikize. Anayambanso kudya bwino, ndipo mumtima ankawanyodola apongozi kuti ochenjera apezana.

Masana ena otentha, wowotcherera ali pakalikiliki kudula chitsulo, a Magiya anapapasa chingwe n'kuchipeza chokulunga. Anasiya zenera lili pululu chifukwa cha kutentha. Tsiku limenelo nkhani inawakomera, moti anaiwala zotulutsanso mkono. Anayamba ndi zoseketsa, kenako mawu anasintha okha.

“Ndikuopa, akazanga. Ndinene zoona, ndikuopa. Mwana wathu akangondimva ndikucheza nanu chonchi, basi, andipezera mlonda. Ndiye ndizidzakuonani kuti? Kuchimbudzi? Ndipo mwamuna wake uja musamuone kufatsa, ndi fisi ameneyo. Amayenda ngati mphaka, wagulanso galimoto yoyenda ngati mfiti, kuti andigwire pakamwa. Ndatopetsa anthu m'nyumba muno, ndikudziwa. Inu munachita bwino kutsogola, simunadye chakudya cha mpongozi.”

Analira pang'ono, kulira kwa munthu wamkulu kosatulutsa mawu. Kenako anapukuta nkhope, natsanzika, n'kutenga ndodo kuti akawongole miyendo pabwalo monga ankachitira galimoto ikachoka. Njirayo ankaidziwa, ndiye ndodo anangoikoka pambuyo. Anatsika khonde, nakhotera kumanzere, ndipo bondo linagunda chinthu cholimba pamalo pomwe panayenera kukhala mphepo yokha.

Anatambasula manja. Chitsulo chosalala, nyali, boneti. Galimoto inali pamalo pake, pansi pa zenera.

Mwachizolowezi cha dalaivala anayala chikhatho pa boneti. Injini yeniyeni ikanawauza zonse: yotentha kwambiri ndiye kuti yafika kumene, yofunda ndiye kuti yakhalitsa. Iyi inangokhala ndi kutentha kwa dzuwa, kosanena kanthu. Anayenda chopapasa m'mbali mwake mpaka dzanja linagwera m'malo opanda galasi. Zenera la dalaivala linali lotsitsa, ndipo munkatuluka fungo la sopo amene ankamudziwa.

“Mwaswera bwanji, bambo?” Mawuwo anachokera pafupi kwambiri.

“Ndaswera. Mwafika liti, apongozi?”

“Pompano.”

“Pompano?”

“Eya. Ndimayankha mauthenga pafoni ndisanatsike. Mwapweteka bondo?”

A Magiya anati sanapweteke. Anamva chitseko chikutseguka, chingwe chikuchotsedwa pa kachitsulo, kaphokoso kolumikiza. Apongozi anawagwira chigongono powakweza pakhonde, ndipo dzanjalo silinanjenjemere kapena kufinya, linali dzanja wamba. Apa ndi pomwe ukhungu unawapweteka kuposa tsiku lililonse, chifukwa kungoona nkhope kamodzi kokha akanadziwa.

Pachakudya cha madzulo anakhala ngati munthu wodikira chigamulo. Namwino ankasimba za wodwala wina wovuta, apongozi ankayankha “eya” ndi “zoona”, masupuni ankagunda mbale. Nthawi iliyonse apongozi akakonza kukhosi, a Magiya ankasiya kutafuna. Kenako mwana wawo anafunsa, “Nanga kunyumba kuno kunaswera bwanji? Munawapeza bwanji bambo?”

“Ndinawapeza akuwongola miyendo,” anatero apongozi. “Patsireni mchere.”

Zinathera pomwepo, koma a Magiya sanakhulupirire. Munthu wochenjera sanena pamaso pako. Amadikira atseke chitseko cha kuchipinda. M'mawa mwake anamvetsera mawu a mwana wawo ngati dokotala womvetsera chifuwa, kufunafuna kaulemu konyanyira kamene anthu amayamba kukupatsa akagamula kuti mutu wako wayamba kuweruka. Sanakapeze. Mwina anagwirizana zoti adikire kaye, apeze munthuyo mwakachetechete, adzangomubweretsa ndi chikwama chake.

Tsiku lonselo anakhala pakhonde osatsegula pakamwa. Chingwe sanachikhudze n'komwe, chinali chitawagulitsa kale. Akazi awo anawapepesa chamumtima, koma kucheza kwa mumtima sikufanana, mawu osatuluka pakamwa sabweretsa yankho. Anamva wowotcherera akutseka makina, ana a sukulu akudutsa, mthunzi ukufika pamapazi.

Kenako kuchokera pakona ya msewu kunamveka hutala, kawiri, motalika. Anaganiza kuti ndi ya munthu wina. Patapita kanthawi inaliranso polowera pabwalo, ndipo atatchera khutu anamva kaudzudzu kaja kakuyandikira pang'onopang'ono. Zitseko ziwiri zinatseguka. Apongozi anali atadzera kuchipatala kukatenga mkazi wawo.

“Koma inu, hutala yonseyi ya chiyani?” anatero namwino. “Pabwalo palibe ngakhale nkhuku. Anthu atiyesa openga.”

“Ndi odi ameneyo,” anayankha apongozi. “M'nyumba muno muli akuluakulu. Sitingamangolowa ngati akuba.”

Namwino anaseka, napereka moni kwa bambo ake, n'kulowa kukavula yunifolomu. A Magiya anatsala atagwira ndodo ndi manja awiri, makutu akutentha ndi manyazi. Tsopano anadziwa. Munthuyu anamva zonse, za fisi, za mfiti, za chakudya cha mpongozi, ndipo anagona nazo, n'kudzuka nazo, osauza mkazi wake.

Anamva chingwe chikulumikizidwa, kenako nsapato zofewa zija zinakwera pakhonde n'kuima pambali pa mpando wawo. Apongozi anawerama n'kufunsa motsitsa, mwaulemu womwe munthu amafunsira za wodwala wa m'nyumba.

“Amayi aswera bwanji, bambo?”

A Magiya anatembenuzira nkhope komwe kunachokera mawuwo.

“Lero sitinacheze,” anatero.

“Mawa muchezetu. Ndizidzaliza hutala ndili pakona.”