Timisomali Tosungunuka mu Kakolo wa a Lufina

A Maliro a ku Tsangano anali ndi chitsulo m'ntchafu. Anachitenga ku Joni, mwala utawagwera mu mgodi adakali mnyamata, ndipo kwa zaka makumi anayi chinkawazunza Juni aliyense. Kukangozizira ankayenda motsimphina, mano ali gwa.

Ndiye tsiku limene akazi awo, a Lufina, anaterereka pamtsetse wa kudimba atasenza dengu la mbatatesi, phazi n'kupotokera kumbali, chimene a Maliro anaopa kwambiri chinali chitsulo.

Kuchipatala cha pa boma anawajambula, n'kunena kuti kakolo wathyoka moti chikhakha pachokha sichingathandize, apite kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko anakalandiridwa pageti ndi Tisunge, mwana wawo chitsiriza, amene ankagwira ntchito pachipatala chomwecho. A Maliro ankangodziwa kuti mwanayo ndi wa za mafupa ndiponso kuti anakaphunzira kunja zaka ziwiri. Zambiri sankafunsa.

Dokotala wamkulu, bambo wa imvi dzina lake Sungani, anayang'ana chithunzi cha fupalo nati, "Amayiwa tiwachita opaleshoni. Tilimanga ndi timisomali tiwiri."

"Pepani adokotala, zimenezo ayi," anatero a Maliro, akumenya ntchafu yawo. "Gwirani apa mumve. Ine chitsulo ndachisunga nthawi yaitali kuposa ana anga. Kwathu kumazizira. Mkazi wanga asalowe m'mavuto amenewa."

A Sungani anamwetulira. "Woyenera kukuyankhani si ine, bambo. Njira imene tikufuna kugwiritsa ntchito anabwera nayo pano ndi mwana wanuyu. Ine ndi imvi zangazi ndinachita kukhala pansi, iye n'kumandiphunzitsa."

A Maliro anacheuka. Tisunge anali ataima phee kukhoma, atanyamula chikwama cha amayi ake. Anachiika pansi, natulutsa kamsomali kachitsanzo m'thumba la jasi lake loyera, n'kunjuta pafupi ndi bambo akewo. Kanali kotuwa, kopepuka ngati munga.

"Bambo, aka si kachitsulo. Kamagwira fupa mpaka lilumikizane. Kenako kamayamba kusungunuka pang'onopang'ono, thupi n'kumakachotsa lokha. Sipafunikanso kudzang'amba kachiwiri."

"Kameneka? Kangagwire munthu wolima?"

"Pantchafu ngati yanu ayi, kangathyoke. Koma pakakolo wa amayi kakwanira."

"Ukaika ndiwe?"

"Ayi, bambo. Mayi anga ondibereka sindingawachite opaleshoni ine. Aika a Sungani, ine ndidikira panja limodzi ndi inu."

A Lufina, amene anali pabedi akulimbana ndi ululu, anadzutsa mutu. "Abambo, mwendowu ndi wanga. Mwana ndinabereka ndekha, sangandinamize. Ikani."

Opaleshoni inayenda bwino. Chikhakha chinakhala milungu isanu ndi umodzi, kenako ndodo ziwiri, kenako imodzi. Mayiwo ankadandaula kuti phazi limatupa madzulo, Tisunge n'kumawalangiza pafoni kuti aziliika pamtondo wogoneka. Mvula yoyamba itagwa, anali m'munda akubzala chimanga.

Patatha zaka zitatu anapita kukajambulitsa komaliza. Tisunge anaonetsa bambo ake pachithunzipo malo pamene panali timisomali tija. Panangotsala timizere tosaoneka bwino, fupa litadzaza lokha. A Maliro anavala magalasi, navula, navalanso. Kenako iwo ndi akazi awo anakakwera minibasi.

Lamlungu lotsatira a Maliro anapempha mpata m'tchalitchi. Anthu ankayesa athokoza Mulungu mwachidule n'kukhala pansi, koma iwo anafotokoza nkhani yonse, mpaka mawu a dokotala wa imvi uja anawabwereza kawiri, m'busa akuyang'ana wotchi.

Pa Khirisimasi Tisunge atabwera kumudzi, bambo ake anamutengera kukhola. Analoza ng'ombe yaikazi yofiira, yonenepa kuposa zonse.

"Iyo ndi yako. Kwathu kuno munthu akachita zazikulu sitimuthokoza ndi pakamwa pokha."

Tisunge anaseka mpaka misozi. "Bambo, ndikaisunga kuti? Nyumba yanga ilibe ngakhale bwalo."

"Ikhala konkuno, ndizikuwetera ndine. Koma mudzi wonse udziwe mwini wake."

Ng'ombeyo anaitcha Dokotala, ndipo chaka chotsatira inabereka thole.