Mbira za pa Misa

Sabata yonseyo, kuyambira kumsika mpaka kumpopi, anthu ankangonong'onezana nkhani imodzi: akuti mayi Fortunata amatumbula mbira pa Misa. Ena ankati amachitira kubenchi yakumbuyo, ansembe ali mkati molalikira. Ena anathirako mchere, amvekere ngakhale tsabola amasinjira momwemo. Ndipo mboni akuti ndi mwana wawo yemwe, Wilber wa kalasi yachiwiri, amene anazilemba ndi dzanja lake.

Zoona zake ndi izi. Aphunzitsi anauza ana kuti alembe m'Chisipanishi ntchito za makolo awo. Wilber ankafuna kunena kuti amayi ake amatumbula mbira patebulo. Tebulo m'Chisipanishi ndi mesa, koma iye analemba misa. Mnzake wapadesiki anasuzumira, ndipo pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo.

Mayi Fortunata akanatha kuseka nawo. Koma amuna awo, a Eulogio, sanaonepo choseketsa. Iwo anagwirapo ntchito ya zomangamanga ku Lima, likulu la dziko lawo, kumene anthu ankawayeserera kalankhulidwe mpaka anasiya kufunsa njira.

"Chikechuwa chathuchi ndicho chikumupinda lilime mwanayu," anatero. "Ine anandiseka, zinakwana. Kuyambira lero, m'nyumba muno Chisipanishi chokhachokha."

Tsono Chisipanishi cha mayi Fortunata chinali cha pamsika basi, chogulitsira mbira ndi mbatata. Chonyengererera mwana analibe. Nyumba inangoti zii. Wilber, yemwe kale ankati akabwera kusukulu amafotokoza ngakhale za galu amene wakumana naye panjira, anayamba kuyankha ndi mutu. Buku lake ankalibisa pansi pa zikopa za nkhosa zogonera. Kenako anayamba kudwala m'mimba, matenda aja amene amapola belu la sukulu likangosiya kulira. Amayi ake ankafuna kumufunsa chimene chikumudya mumtima, koma mawu onse ofunsira anali m'chilankhulo choletsedwa chija. Ankangomusisita kumutu.

Atatopa nazo anafunda nsalu yawo, n'kukulunga chimanga chophika, ulendo kusukulu. Kumeneko anayamba kulimbana ndi Chisipanishi, kufunsa aphunzitsi a Nélida ngati mutu wa mwana wawo uli bwinobwino. Aphunzitsiwo anawayankha m'Chikechuwa.

"Mayi, khalani pansi kaye. Tanenani mesa."

"Misa."

"Nanga ija ya kutchalitchi?"

"Misa," anatero mayi Fortunata, kenako anagwira pakamwa. Onse awiri anaseka mpaka misozi.

Aphunzitsi anafotokoza kuti m'Chikechuwa, e ndi i sizisiyanitsa mawu, chimodzimodzinso o ndi u. Ndiye khutu lokulira m'Chikechuwa limazimva ngati chinthu chimodzi. Si umbuli ayi, ndipo khutu limazolowera likamamva kawirikawiri. Anati chomwe chikanamupweteka Wilber si Chikechuwa, koma bata lomwe lalowa m'nyumbalo, chifukwa mwana wosacheza ndi makolo amasowa mawu m'zilankhulo zonse ziwiri.

"Inu mumaluka," anatero. "Mutasiya ubweya wa nkhosa n'kutenga wa alipaka, mumayambiranso kuphunzira kuluka? Kuwerenganso n'chimodzimodzi. Akadziwa m'chilankhulo cha kwawo, luso lomwelo amapita nalo ku chinacho."

Anawabwereka kabuku ka nkhani ya alipaka wosochera, chiweto chaubweya chonga nkhosa koma cha khosi lalitali. Tsamba lina linali Chikechuwa, lina Chisipanishi. Mayi Fortunata anakankha kabukuko mwamanyazi, n'kunena kuti iwo kuwerenga sadziwa. Aphunzitsi anati makutu ali nawo: mwana awerenge, iwo amvetsere, azimufunsa mafunso, azimuuza nkhani za kwawo.

Kunyumba mayi Fortunata sanakangane ndi munthu. Atatha kudya, anaika kabuku patebulo lomwe lija, n'kuuza Wilber m'Chikechuwa kuti awawerengere. A Eulogio anadzutsa mutu. Mwana anayang'ana bambo ake, anayang'ana mayi ake, kenako anayamba pang'onopang'ono, chala chili pa zilembo. Atakakamira pa liwu lina lalitali, amayi ake analimalizitsa, poti ankalidziwa kuyambira ali mwana. Wilber anawayang'ana modabwa, nkhope yonse itawala.

A Eulogio anali atasendera pafupi. Pa moyo wawo wonse anali asanaonepo Chikechuwa chitasindikizidwa m'buku.

"Mayi ake a Wilber, kodi chathuchinso chimalembedwa?" anafunsa motsitsa mawu.

Za lamulo lija palibe anazitchulanso. Tsamba la Chisipanishi analitenga ndi a Eulogio, ndipo bambo ndi mwana ankapunthwira pamodzi, n'kumakonzana. Mpaka anapeka kasewero kawo. A Eulogio amamenya tebulo n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, Wilber amvekere mesa. Nanga Lamlungu timapita kuti? Misa. Wolakwa ndiye wokadyetsa mbira, ndipo kunena zoona, a Eulogio ndi amene anazidyetsa kwambiri.

Potsekera sukulu, Wilber anaima pamaso pa makolo onse n'kuwerenga nkhani ya alipaka ija m'zilankhulo ziwiri. Anapunthwa kamodzi, n'kudzikonza yekha. Potuluka, mayi wina wa lilime lakuthwa anagunda mayi Fortunata ndi chigongono, kufunsa ngati mbira za pa Misa zija zikadalipo.

"Zinatha kalekale, anzanga," anayankha. "Zobatizidwa sizichedwa pamsika."

Anagwira mwana wawo padzanja, ndipo njira yonse Wilber ankangolongolola, uku Chikechuwa, uku Chisipanishi.

Chilankhulo cha pakhomo sichitsekera mwana njira ya sukulu, chimamutsegulira. Chezani naye m'chilankhulo chimene mumasekera ndi kulirira, ndipo mumumvetsere akamawerenga, ngakhale inuyo zilembo simuzidziwa. Nanga kwanuko, mwana wanu anakuwerengerani liti komaliza, ndipo munamuyankha m'chilankhulo chanji?